Ntchito ya kampani yomwe inatimangira dziwe losambiramo ku Mangochi

Kampani ya zomangamanga yomwe inatimangira dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Mangochi imaidziwa bwino ntchito ya konkire, koma simufotokozera mokwanira mwini nyumba za chisamaliro chimene dziwelo lidzafune amisiri akachoka. Aliyense amene akuganiza zoipatsa ntchito ayenera kudziwiratu mbali ziwiri zonsezi. Ena amadabwa kuti munthu wokhala pafupi ndi nyanja ya Malawi angamangirenji dziwe, koma kholo lililonse la kuno limadziwa za likodzo limene limapezeka m'madzi osaya a m'mbali mwa nyanja, komanso za ng'ona ndi mvuu za mumtsinje wa Shire, pamene kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumachititsa ana kufuna madzi tsiku lililonse.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri ndi mmene anasamalirira nkhani ya madzi a pansi pa nthaka. Asanatchule mtengo uliwonse, kapitawo wawo anayamba wakumbitsa dzenje loyesera pamalopo, ndipo madzi atayamba kutuluka pansi pake anatiuza mosabisa kuti dziwe lakuya limene tinkafuna silingatheke popanda kuwonjezera ndalama zambiri. Anafotokoza kuti kumadera a mchenga oyandikana ndi nyanja madzi amakhala pafupi, ndipo dziwe likakhala lopanda kanthu m'nyengo ya mvula, madzi a pansiwo amalikankha kuchokera kunsi mpaka kuling'amba kapena kulitukula kumene. Amene anaona mmene nyanja inasefukira mu 2024, n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo a m'boma lino, sangatsutse mawu amenewa. Choncho tinagwirizana za dziwe la mamita 7 m'litali ndi mamita 3.5 m'lifupi, lozama pafupifupi mamita 1.3, lomwe limalowa madzi okwana malita pafupifupi 32,000. Anatukulako pang'ono milomo yake kuposa nthaka ya pabwalo kuti madzi a mvula asamakokolere matope m'katimo, anayala miyala ya kwale pansi, ndipo anaika paipi yotulutsira madzi a pansiwo kumbali.

Pa konkire sanachite zachidule. Zitsulo anazimanga mothinana pansi ndi m'makoma, mchenga anakana wa pamalopo chifukwa unali wosalala kwambiri ndiponso wosakanikirana ndi dothi, ndipo atathira konkire ankaithirira madzi m'mawa ndi madzulo. Ife tinkafulumira kuti aike matailosi, koma iwo anaumirira kuti konkire imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28, ndipo kudzuwa la ku Mangochi ikauma msanga imachita ming'alu. Asanaike matailosi anadzaza madzi n'kulemba chizindikiro pakhoma kuti aone ngati dziwelo likudontha. Mpaka lero silinang'aluke paliponse, ndipo pa mbali imeneyi ndilibe chodandaula.

Mtengo unasintha ntchito ili m'kati, makamaka wa pampu ndi sefa ya mchenga yoyeretsera madzi, zomwe zimachokera kunja kwa dziko. Izi sindikuwaimba nazo mlandu, popeza chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe wogulitsa amene amasunga mtengo wa katundu wakunja nthawi yaitali, komabe akanachita bwino kutilangiza kuti tigule zipangizozo poyambirira penipeni.

Kudandaula kwanga kwenikweni kuli pa zimene sanatiuze. Tsiku lotipatsa dziwe anatisonyeza poyatsira pampu, natisiyira chigubu cha klorini, basi. Sananene kuti pampu iyenera kuyenda maola angapo tsiku lililonse, kuti dzuwa lamphamvu limatha klorini msanga, kapena kuti madzi ayenera kuyezedwa kuti pH yake, yomwe ndi muyezo wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, apo ayi mankhwalawo sagwira bwino ntchito ndipo maso a ana amafiira. Magetsi atazimazima m'nyengo yotentha, madzi anabiriwira ndi ndere m'masiku ochepa chabe, ndipo m'boma limene malungo ndi ofala chotere, madzi ongoima osathiridwa mankhwala pafupi ndi khomo ndi chinthu choopsa chifukwa udzudzu umaswana m'menemo. Titawaimbira foni anachedwa kubwera, ndipo atabwera m'pamene anatchula za pampu yoyendera sola, yomwe ikanakhala yosavuta kuika pa nthawi yomanga. Sanatiphunzitsenso katsukidwe ka sefa potembenuza kayendedwe ka madzi, ntchito yomwe imachuluka m'miyezi ya mwera pamene mphepo imagwetsera fumbi ndi masamba m'dziwe. Madzi nawonso amachepa ndi dzuwa sabata iliyonse, ndipo wodalira madzi a m'mipope amaona zimenezi pa bilu yake, pamene wodalira mjigo ayenera kuyamba wayezetsa madzi ake, chifukwa ena amakhala ndi mchere kapena dzimbiri lothimbiriritsa matailosi.

Chimene chinandikhudza koposa zonse n'chakuti m'pulani yawo munalibe mpanda. M'makomo mwathu mumabwera ana a abale ndi a anansi nthawi iliyonse, ndipo mwana wamng'ono amamira mwakachetechete, ngakhale m'madzi osaya, akuluakulu ali chapafupi pomwepo. Kampani yomanga maiwe siyenera kudikira kuti mwini nyumba aikumbutse zimenezi. Ife tinaitana mmisiri wina wowotcherera zitsulo yemwe anatiikira mpanda wa mamita 1.2 wokhala ndi geti lodzitsekera lokha, loko yake ili pamwamba pomwe mwana sangafike, ndipo sitinalole kuti aliyense alowe m'madzimo mpandawo usanathe.

Munthu atandifunsa ngati angailembe ntchito kampaniyi, ndingamuuze kuti ailembe, chifukwa dziwe lolimba silipezeka wamba kuno kunyanja. Koma asasaine mgwirizano umene mulibe mpanda ndi geti lake, pampu ya sola kapena njira ina yoyendetsera madzi magetsi akazima, zipangizo zoyezera madzi, ndiponso lonjezo lolembedwa lakuti amisiriwo adzabweranso m'miyezi yoyambirira kudzaphunzitsa amene azisamalira dziwelo. Gawo lomaliza la malipiro alisunge mpaka zonsezi zitachitika.