Kashopu ka makompyuta pafupi ndi depoti ya Kasungu kandithandiza kwambiri

Ntchito yanga ndi yotayipa makalata ndi kusindikiza mapepala pa boma pano. Mwezi watha mlamu wanga anandiimbira usiku: "Alamu, mwadwala chiyani kodi? Bwanji mukupempha ndalama pa Facebook?" Mtima unangoti myuu. Wakuba anali atalowa mu akaunti yanga n'kumauza makasitomala kuti ndagonekedwa m'chipatala, anditumizire kangachepe pa foni. Amayi ena a kumpingo kwathu anatumizadi K15,000. Ndinawabwezera, koma manyazi ake mpaka lero.

M'mawa mwake ndinanyamula laputopu kupita ku kashopu kena pafupi ndi depoti. Ndi kachipinda kopanikiza, mpando wa kasitomala umodzi basi, mawaya ali mbwee patebulo. Mnyamata wake atangoyatsa makinawo anafunsa: "Amayi, Microsoft Office iyi munagula?" Ayi ndithu. Anandiikira mnzanga kuchokera pa fulashi, yaulere.

Anandifotokozera modekha kuti m'mapulogalamu obedwa otere mumabisala vayirasi yosaononga kanthu kooneka. Imangotola mwakachetechete mapasiwedi onse amene Chrome (pulogalamu yotsegulira intaneti) imasunga, pamodzi ndi ma cookies, timafayilo tija timene timachititsa kuti Facebook isakufunsenso pasiwedi. Wakuba akatenga zimenezo amalowa ngati mwini nyumba. Anatchula ina yotchedwa Lumma, imene Microsoft inati inagwira makompyuta oposa 394,000 m'miyezi iwiri yokha mu 2025.

Chimene chandisangalatsa n'chakuti sanangoyendetsa antivayirasi n'kundilipiritsa. Anasunga mafayilo a makasitomala anga padera, n'kufufuta zonse, n'kuikanso Windows. Asanayambe zimenezo anati mapasiwedi ndisinthire pa foni, chifukwa pa kompyuta yodwalayo atsopanowo akanabedwanso. Tinayamba ndi Gmail, poti ndi kumene Facebook imatumiza uthenga wobwezera akaunti. Anandionetsanso pamene umadina kuti onse amene alowa mu akaunti yako pa zipangizo zina atuluke. Izi ndinali ndisanamvepo chibadwire.

Chodandaula chilipo. Analonjeza tsiku limodzi, anatenga awiri, ati magetsi anavuta, koma kundiimbirako bwenzi zili bwino. Ndinaluza tsiku lantchito ndikungodikira.

Ndinalipira K25,000, ndipo sindikuiwerengera. M'malo mwa Office yobedwayo anandiikira LibreOffice, yaulere movomerezeka. Ndikuizolowera pang'onopang'ono, ngakhale matebulo akundisautsabe.