Taurus G3c ndi mfuti yoyenera mtengo wake, koma sitolo imene ndidagulako idandikhumudwitsa

Ndikulemba ndemangayi chifukwa cha Amalawi anzanga a kuno ku South Bend, m'boma la Indiana ku America, amene akhala akundifunsa ngati Taurus G3c ili yodalirika kwa munthu wofuna mfuti yaing'ono yobisa m'chiuno, koma amene thumba lake silingafike pa madola 500 kapena kuposerapo a SIG Sauer P365 kapena Glock 43X. Yankho langa ndi lakuti ndi yodalirika, ndipo ndikadati ndisankhenso ndikadatenga yomweyi. Ndidaigula pa $269, msonkho wa Indiana wa 7% usadalowepo, ndipo m'bokosi mudali magazini (timabokosi tolowetsa zipolopolo m'mfuti) atatu otenga zipolopolo 12 za saizi ya 9mm. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku ndipo ndimafika kunyumba kusanache, m'dera limene magalimoto akhala akuthyoledwa, ndiye chifukwa chogulira sichifuna kufotokoza kwambiri. Chimene chikufuna kufotokoza ndi mmene adatilandirira kusitolo, pakuti aliyense wa ife wopita kukagula mfuti ndi green card (chiphaso chokhalira m'dziko lino) m'manja akhoza kukumana nazo.

Ndidapita ndi mayi a kunyumba, nditawerenga kale mokwanira ndiponso ndikudziwa chimene ndikufuna. Mnyamata wa pakauntala atangomva dzina la Taurus adakwinya nkhope, nandiuza kuti munthu wosamala za moyo wake sagula mfuti ya ku Brazil, kenaka adayala patebulo P365 ndi Springfield Hellcat zimene sindidapemphe. Adatchulanso mlandu umene kampaniyi idali nawo cha m'ma 2015 ndi 2016, pamene idavomera kukonza kapena kubweza ndalama za mfuti zina zakale, kuphatikizapo za mtundu wa Millennium, zimene anthu adadandaula kuti zimatha kulira zikagwa pansi. Nkhaniyo ndi yoona, koma G3c idatuluka mu 2020 ndipo siidali m'gulu la mfuti zimenezo. Nditamuyankha motero adangokweza mapewa nati ndalama ndi zanga. Kufikira pamenepo ndidaona ngati ndi khalidwe wamba la ogulitsa ofuna kukankha katundu wodula, ndipo ndidalola kuti zipite.

Zidavuta pa fomu ya boma, ya 4473, imene aliyense wogula mfuti kusitolo amadzaza asanafufuzidwe ndi FBI. Munthu amene si nzika ya dziko lino amayenera kulembapo nambala yake ya ku ofesi yoona za olowa m'dziko, ndipo nditafika pamzerewo mayi a kunyumba adandiyandikira nanena m'Chichewa, motsitsa mawu, kuti: "Bambo, nambala ikufunika pamenepo ndi ya pa green card, osati ya palaisensi ya galimoto." Mawu adali okhawo. Mnyamata uja adatambasula dzanja, nalanda pepalalo cholembera chili m'manja mwanga, nalengeza mokweza kuti malonda athera pomwepo chifukwa wina akundiuza zolemba m'chinenero chimene iye sakuchimva. Anthu onse m'sitolomo adatembenuka. Kenaka adaloza mayi a kunyumba ndi chala, nawafunsa ngati mfutiyo ili yawo, ngati ali ndi mapepala okhalira m'dziko lino, ndiponso ngati adamangidwapo. Mayi amenewa ndi namwino amene wagwira ntchito m'zipatala za kuno kwa zaka zambiri, ndipo amaopa mfuti kotero kuti mpaka lero sanaikhudzepo. Adangoima chete, manja atagwira chikwama, misozi ili m'maso. Ine ndidamufunsa mnyamatayo ngati akadachita zomwezo mkazi wanga akadalankhula Chingerezi, ndipo adandiyankha kuti sakukakamizidwa kundigulitsa chilichonse, zomwe ndi zoona mwalamulo koma sizimayankha funso langa. Ndakalamba ndithu osalozedwapo chala ngati wakuba pamaso pa anthu, ndipo kuti zimenezi zichitikire mkazi wanga chifukwa chondithandiza kupeza nambala yanga yomwe, ndi chinthu chimene sichidandichokebe mumtima.

Tidali titatembenuka kale kuti tizituluka pamene mwini sitolo, bambo wachikulire wa imvi, adatulukira kuchipinda cha kumbuyo. Iye adatifunsa modekha chimene chidanenedwa, ndipo nditamumasulira adamuuza mnyamatayo kuti apite akachite zina. Adatifotokozera kuti funso loyamba mwa mafunso a inde kapena ayi pafomupo limafunsa ngati wodzazayo ndiye wogula weniweni, kuti kugulira mfuti munthu wina amene saloledwa kukhala nayo ndi mlandu umene kuchokera mu 2022 ukhoza kumangitsa munthu zaka 15, ndiponso kuti sitolo yogulitsa mfuti ikuona zizindikiro zotere ikhoza kulandidwa chiphaso ndi ATF, bungwe la boma loona za mfuti. Nchifukwa chake antchito ake adauzidwa kuti aimitse malonda akaona munthu wina akuuza wogula zoyankha. Apa mkwiyo wanga udatsikako, pakuti lamuloli ndi lomveka ndipo inenso sindingafune kuti mfuti zizigwera m'manja olakwika. Komabe palibe lamulo lolamula wogulitsa kukuwa, kulanda pepala kapena kufunsa mayi wa ulemu wake za mapepala ake pagulu. Bamboyo adatipatsa fomu yatsopano, napempha mayi a kunyumba mwaulemu kuti akhale pampando wa pafupi ndi khomo kufikira nditamaliza. Amene mudzapite awiri, gwirizanani zonse m'galimoto, ndipo pakauntala wodzazayo asiyidwe yekha.

Kafukufuku wa FBI adabwera ndi yankho lakuti tidikire, zimene zimachitikira ambiri amene si nzika chifukwa nambala ija imakafunsidwanso ku nthambi yoona za olowa m'dziko. Lamulo limalola sitolo kupereka mfuti pakadutsa masiku atatu a ntchito popanda yankho, koma sitolo iyi imadikira mpaka yankho lenileni lifike. Mwini sitolo adandiimbira yekha foni chilolezo chitatuluka, ndipo adandiwonjezera bokosi la zipolopolo 50 laulere, zimene ndidazimva ngati kupepesa ngakhale mawuwo sadawatchule. Achinyamata athu amene ali kuno pa viza ya sukulu kapena yoyendera adziwe kuti malamulo a boma lalikulu amawaletsa kukhala ndi mfuti, kupatula m'njira zochepa zapadera, ndipo kusitolo mfuti ya m'manja sagulitsa kwa munthu wosakwana zaka 21.

Tsiku lokatenga ndidapezanso mnyamata yemwe uja, ndipo ndi iyeyo amene adandigulitsa holster (kachikwama konyamulira mfuti m'chiuno) ya nsalu ya $25 yolembedwa kuti imakwana mfuti zazing'ono zonse. Kumaphunziro a kanyamulidwe ka mfuti, mphunzitsi wathu, mayi amene adagwirapo ntchito ya upolisi, adaitenga holster imeneyo, natsimikiza kuti mfuti ilibe chipolopolo, naiika mkati, nakanikiza nsaluyo ndi chala kuchokera kunja, ndipo trigger (kachida kokoka ndi chala kuti mfuti ilire) idasuntha tonse tikuona. Ataizondotsa, mfuti idapulumuka nigwera pamphasa ya patebulo. Adati chinthu chotere sichiyenera kuyandikira m'chiuno mwa munthu, makamaka wonyamula mfuti kutsogolo kumene mlomo wake umaloza pantchafu pamene pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Munthu wogulitsa mfuti tsiku ndi tsiku sangalephere kudziwa zimenezi, ndipo ndimadabwa kuti amene adandinyoza chifukwa chosankha mfuti yotchipa ndiye adandipatsa chipangizo chokhacho choopsa pa zonse zimene ndidagula. Ndidaitanitsa pa intaneti holster ya Kydex (pulasitiki yolimba) youmbidwira G3c yeniyeniyo, ya $50, imene imaphimba trigger yonse ndipo imagwira mfuti molimba mpaka kumveka kuti yakhala, pamodzi ndi lamba wouma wa $40, pakuti lamba wamba wa thalauzi amapindika ndi kulemera kwake.

Mfuti yeniyeniyo yandidabwitsa. Ndawombera zipolopolo mazana angapo, zambiri zotchipa za 115 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) zophunzirira, zina za 124 grain zoboola kunsonga zimene ndimanyamula, ndipo palibe chimene chidakanirira kapena kulephera kutuluka. Imalemera pafupifupi magalamu 620 yopanda zipolopolo, pamene P365 ili cha m'ma 500, ndipo kulemera kumeneku kumathandiza powombera. Nditayesa P365 ya mnzanga ndidaona kuti imadumpha kwambiri m'dzanja ndipo chala changa chaching'ono chimasowa pogwira, pamene pa G3c zala zonse zimakhala pachogwirira ndi magazini a 12 aja. Trigger yake imayenda mtunda wautali yopepuka isanafike polimba pamene mfuti imalira, zimene zimafuna kuzolowera, koma ikalira imabwerera pafupi kwambiri kotero kuti chipolopolo chachiwiri chimatsatira msanga. Ili ndi mwayi wina woti chipolopolo chikapanda kulira mukhoza kukokanso trigger kuti chimenyedwe kachiwiri, ngakhale mphunzitsi wathu adatilangiza kuti pangozi ndi bwino kuchitaya chipolopolocho pokoka chapamwamba cha mfuti kusiyana ndi kuchinyengerera. Zoyang'anira polunjika ndi zachitsulo, ndipo mipata yake idadulidwa mofanana ndi ya Glock, kotero kuti wofuna zowala usiku savutika kuzipeza. Imalandiranso magazini a 15 ndi a 17 a Taurus G3 yaikulu.

Kumanzere kwake kuli safety (kachida koletsa mfuti kulira) yotsitsa ndi chala chachikulu. Ena amaiona ngati chopinga, koma ine imandipatsa mtendere pobwezera mfuti mu holster, bola munthu aphunzitse chalacho kuitsitsa nthawi iliyonse pamene akutulutsa mfuti, apo ayi pa tsiku la mavuto adzakoka trigger yosayenda. Amanzere iwavuta chifukwa ili mbali imodzi yokha. Poiphwasula kuti itsukidwe pamafunika kukoka trigger monga zilili ndi Glock, ndiye magazini ayenera kuchotsedwa ndipo m'chipinda cha chipolopolo muyang'anidwe ndi maso ndi chala, zipolopolo zonse zili kuchipinda china.

Pa nkhani yobisa ndi pamene mtengo wotsika umaonekera. G3c ndi yonenepa pafupifupi masentimita atatu, pamene P365 ili pafupifupi awiri ndi theka, ndipo kusiyana kochepa kumeneku kumamveka m'chiuno mukakhala m'galimoto nthawi yaitali. M'nyengo yozizira ya kuno, pamene aliyense amavala juzi ndi jekete, palibe angadziwe kuti mwanyamula kanthu. M'chilimwe chogwirira chake chimatukula malaya opyapyala, ndipo ndidayenera kugula malaya otayirira ndi a mitundu yoderako. Chogwiriracho ndi chokhakhala ngati chitsononkho cha chimanga, zimene zimathandiza dzanja likatuluka thukuta koma zimakanda khungu mukapanda kuvala vesiti mkati. Munthu wochepa thupi, makamaka amayi, aganizire Taurus GX4 kapena Ruger Max-9, zimene zidatuluka mu 2021, zili zopyapyala ndipo sizifika pamtengo wa SIG.

Wowerengera ndalama asaime pa $269. Powonjezera msonkho, holster, lamba, kabokosi kachitsulo kokiya ka $35 kosungiramo mfuti kutali ndi ana, maphunziro a $100 ndi zipolopolo zoyamba, ndidafika pafupifupi pamtengo wa P365 yokha yopanda china chilichonse. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene ndikuyamikira G3c, pakuti idandisiyira ndalama zophunzirira ndi zosungira mosamala, pamene kutsatira uphungu wa mnyamata uja kukadanditulutsa m'sitolomo ndi mfuti yodula m'thumba la nsalu, ndilibe ndalama yolipirira mphunzitsi amene adaona vuto lake. Mfutiyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, imodzi ndachotsa chifukwa cha kunenepa ndi kukhakhala kwake.

Kuyambira pa 1 Julayi 2022 Indiana imalola munthu woyenera kunyamula mfuti ya m'manja popanda chiphaso, koma ife a ku South Bend tisanyengeke nazo, chifukwa malire a Michigan ali pafupi kwambiri ndipo ambiri timadutsa popita ku Niles, tauni ya ku Michigan, osaganizira n'komwe. Michigan imafuna chiphaso, imalandira cha Indiana kwa okhala ku Indiana, ndipo wapolisi akakuimitsani kumeneko muyenera kumuuza nthawi yomweyo kuti mwanyamula mfuti. Illinois silandira chiphaso cha Indiana, ndiye ine popita ku Chicago, mzinda wa ku Illinois, mfuti imatsala m'kabokosi kunyumba. Chiphasocho boma la Indiana limapereka popanda malipiro, kupatula kandalama kochepa ka zidindo za zala, ndipo ndidachitenga. Kuntchito kwathu mfuti siloledwa m'nyumba za okalamba, monganso siloledwa kusukulu ndi kupositi ofesi.

Sitolo ija ndikuipatsa nyenyezi ziwiri, ndipo zonsezo ndi za mwini wake. Nditabwerera ndi holster ya nsalu ija kukapempha ndalama zanga, ndidapezanso mnyamata yemweyo, amene adandiuza kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa, ndipo nditamufotokozera zimene mphunzitsi adationetsa adayankha kuti amagulitsa zambiri zotero popanda wodandaula. Mwini sitolo adali atachokapo tsiku limenelo. Zipolopolo tsopano ndimagula kusitolo ina ya ku Mishawaka, ngakhale ndi zodulirapo pang'ono.