Kagalasi kokuzira tinthu ting'onoting'ono pa kamera ya foni

M'mashopu a mafoni pakati pa tauni ya Harare, komanso kwa anyamata oyala malonda m'mbali mwa msewu, mukupezeka timagalasi topanira pa kamera ya foni, tomwe nthawi zambiri timabwera titatu m'kathumba kamodzi. Kamodzi kamajambula malo otakasuka, kena kamapinda chithunzi n'kuchizunguliza, ndipo kachitatu, kotchedwa macro, kamakuza tinthu ting'onoting'ono. Mtengo wake ndi madola ochepa chabe, ndipo kwa ine chogulira ndi kachitatuko kokha, pakuti tinato timadetsa ngodya za chithunzi moti munthu sachedwa kutopa nato.

Wogula adziwe kuti kagalasi ka macro kamabwera katamangidwa pamodzi ndi kojambula malo otakasuka kaja, choncho pamafunika kupotokola n'kuchotsa kapamwambako. Wondigulitsa ine sananene zimenezi, ndipo m'kathumbamo munalibe pepala la malangizo.

Kagalasika kamaona bwino chinthu chikakhala pafupi kwambiri, pamtunda wa masentimita 2 kapena 3, ndipo mavuto ake onse amachokera pamenepa. Foni yomweyo imatchinga kuwala, dzanja likanjenjemera pang'ono chithunzi chimachita chimbuuzi, ndipo gawo looneka bwino ndi lopyapyala kwambiri, moti pojambula nyerere mutu umaoneka koma miyendo yakumbuyo imasowa. Pakati pa chithunzi pamakhala powala bwino pomwe m'mphepete mumafooka. Mafoni okhala ndi makamera angapo amasokonezanso, chifukwa ena amasintha okha kamera mukayandikira chinthu, n'kusiya imene mwapanirapo galasi. Chothandiza ndicho kutsamiritsa chigongono pamalo olimba, kujambula m'mawa mphepo isanayambe, ndiponso kusuntha foniyo pang'onopang'ono mpaka pamene mukufunapo pataoneka.

Zinthu zikayenda bwino, zotulukapo n'zosangalatsa. Maluwa a jakaranda amene amadzaza misewu ya ku Avenues, dera la mu Harare, mu Okutobala timangowaponda, koma mkati mwa duwa lililonse muli kachingwe kaubweya, ndipo pansonga pa ubweyawo pali timitu tonga timadontho. Ku Domboshava, kunja kwa Harare, ndere zomera pamatanthwe, zimene patali zimangooneka ngati mawanga achikasu ndi otuwa, zimasanduka timamba tong'ambikang'ambika tokhala ndi timbale tating'ono pamwamba. Mapiko amene ngumbi zimathothola mvula yoyamba ikagwa amaonetsa timitsempha tambirimbiri, ndipo ubwino wake ngwakuti sathawa. Tizilombo tamoyo n'tovuta, chifukwa gulugufe sangadikire kuti mumuyandikire chotere.

Phindu lenileni ndinaliona kwa amalume a ku Mufakose mu Harare, amene amalima chimanga pakamunda kawo kunja kwa mpanda monga amachitira achikulire ambiri a kwathu kuno. Mbozi ya ntchemberezandonda, imene inafika m'Zimbabwe mu 2016, imadziwika ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu pake, komanso timadontho tinayi takuda tondandalikana mbali zinayi chakumchira. Maso a amalumewo anafooka, koma ataona chithunzi cha mboziyi pafoni anazindikira mdani wawo nthawi yomweyo, n'kundiuza kuti, “Mphwanga, ubwerenso ukajambule nsabwe za pa repu.” Nankafumbwe wa m'thumba la chimanga nayenso amaoneka bwino ndi mlomo wake wautali uja, ngakhale kuti amayenda mofulumira kuposa mmene munthu angaganizire.

Kapangidwe ka kagalasika n'kosalimba. Chopanira ndi cha pulasitiki, chimaterereka ngati foni ili m'chikwama chokhuthala, ndipo fumbi la chilimwe limakanda galasi mukalipukuta ndi malaya m'malo mwa kansalu kofewa. Amene foni yawo ili kale ndi macro yabwino, monga iPhone 13 Pro ya mu 2021 imene imajambula chinthu pamtunda wa masentimita 2, sakufunikira kagalasika. Koma mafoni otchipa okhala ndi kamera ya macro ya mamegapikiseli 2 amapambanidwa ndi kagalasika kakapanidwa pa kamera yaikulu.

Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsayo kuti mukayese pompo. Tulutsani dola ya ku America, yandikizani galasi pamalo opanda zolemba, ndipo muone ngati tiulusi tofiira ndi tabuluu ta m'pepalalo tikuoneka bwinobwino. Ngati sitikuoneka, pemphani kena, chifukwa timagalasi ta m'bokosi limodzi timasiyana ubwino.