Symphony 4 ya Mahler ndi anthu ochepa: ya Stein kapena ya Simon?

Anzanga oimba m'magulu ang'onoang'ono akhala akundifunsa funso limodzimodzi: tikufuna kuimba Symphony 4 ya Gustav Mahler koma okestra tilibe, ndiye titenge manotsi a gulu laling'ono amene anakonza Erwin Stein kapena amene anakonza Klaus Simon? Ine ndimati tengani a Simon. Mitundu yonse iwiri ndinaimbapo, ndipo chimene chimandigamulira mlandu ndi zida ziwiri: horn (lipenga lopindika mozungulira) imene Stein anaisiya, ndi harmonium (chida chonga malimba) imene anaisenzetsa katundu wambiri.

Stein anali wophunzira wa wopeka nyimbo Arnold Schoenberg. Mu 1918 Schoenberg anayambitsa bungwe ku Vienna loimbira mamembala ake okha nyimbo za nthawi imeneyo. Olemba ndemanga m'nyuzipepala sankaloledwa kulowa, ngakhale kuwomba m'manja kunali koletsedwa. Ndalama zolipirira okestra yathunthu panalibe, choncho nyimbo zikuluzikulu ankazichepetsa kuti anthu owerengeka athe kuziimba. Ya Stein inamveka koyamba mu Januwale 1921, ndipo pakutha pa chaka chomwecho bungwelo linagwa chifukwa ndalama ya dziko la Austria inali itatha mphamvu. Pambuyo pake manotsiwo anasowa. Amene timaimba lero anawabwezeretsa ndi Alexander Platt kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, potsatira zizindikiro zimene Stein anasiya m'buku lake la nyimboyi. Ya Simon ndi ya 2007, anaikonzera gulu lake la Holst-Sinfonietta la ku Freiburg.

Pa chiwerengero cha anthu sizisiyana kwenikweni. Stein akufuna chitoliro, oboe, clarinet, mavayolini awiri, viola, cello, bass, piyano, harmonium ndi oomba ng'oma ndi mabelu. Simon akuwonjezerapo horn ndi bassoon, onse pamodzi n'kukwana 14. Konse kuwiri pafunika soprano (woimba wamkazi wa mawu okwera) wa gawo lomaliza.

Pa mtengo wa manotsi musanyengedwe ndi zoti Mahler anamwalira mu 1911 ndipo manotsi ake a okestra amapezeka aulere pa intaneti. Ntchito ya Platt ndi ya Simon ili ndi eni ake, ndiye konse kuwiri mudzalipira.

Ndalama imene simungaione papepala ndi ya harmonium. Chidachi n'chofanana ndi malimba aja opalasa ndi mapazi a m'matchalitchi akale, ndipo masiku ano n'chosowa. Ifeyo tinabwereka kwa munthu wina amene anatitsimikizira kuti chili bwinobwino. Tinalipira yobwerekera, tinalipiranso galimoto ndi anthu onyamula. Titachiika pafupi ndi piyano n'kugunda noti ya A, mawu ake anali otsika moti aliyense anatembenuka. Ma harmonium ambiri akale a ku Ulaya anachunidwa pa A ya 435 (mawu onjenjemera ka 435 pa sekondi), pamene piyano za lero zili pa 440 kapena 442. Vayolini mumangopotoza kachikhomo, koma harmonium ili ndi timalilime tachitsulo tambirimbiri timene mmisiri ayenera kupala kamodzikamodzi. Mwini chidacho anakana kuti wina achikhudze, ndalama zathu sanabwezenso. Njira inatsala inali yoitana wochuna piyano kuti aitsitse, kenako adzaikwezenso konsati ikatha, zonsezo pa thumba lathu. Oimba chitoliro ndi clarinet anavutika madzulo onse kukokera mawu awo pansi.

Palinso china chimene obwereketsa satchula. Ma harmonium ali mitundu iwiri: ena amakankha mphepo, ena amaikoka. Okoka mphepo ndi amene amapezeka kwambiri, koma mawu awo ndi ofewa ndipo amachedwa kutuluka. Mukapeza wotere, pa malo pamene nyimbo ikufuna mphamvu mudzangomva kung'ung'udza kumbuyo kwa piyano.

Mu ya Stein vuto limeneli silibisika, chifukwa popanda horn ndi bassoon, harmonium ndi imene imadzaza pakati pa nyimbo. Ikafooka, pansi ndi pamwamba zimalekana. Simon nayenso analembera harmonium, koma amalola kuti m'malo mwake muike accordion, imene munthu amabwera nayo ali chiberekere kumsana, ndipo woimba wake amatha kukweza ndi kutsitsa mawu mmene akufunira. Chachikulu n'chakuti katundu wolemera ali ndi omusenza ena.

Tsopano za horn. Symphony imeneyi, imene inaimbidwa koyamba ku Munich mu 1901, ndi yopepuka kale pakati pa nyimbo za Mahler: mulibe trombone, mulibe tuba. N'chifukwa chake imalola kuchepetsedwa. Koma horn ili paliponse. Imayankha vayolini nyimbo ikangoyamba, timabelu toyambira nyimboyi titangosiya kulira. Ndiyonso imatsegula gawo lachiwiri ili yokha. Ndipo chakumapeto kwa gawo lachitatu, pamene nyimbo yodekha ija imaphulika mwadzidzidzi mu E major, ma horn ndi amene amalengeza nyimbo imene soprano adzaimbe m'gawo lotsatira. Malo amenewo ndiwo mtima wa symphony yonse. Mu ya Stein zida zotsalazo zimagawana ntchitoyo, manotsi onse n'kumveka ndithu, koma chifuwa sichinjenjemera. Horn imodzi ya Simon singafanane ndi zinayi za Mahler, komabe ikalira pamenepo omvera amadzuka pampando mumtima. Ndinaona nkhope zawo, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindikayika.

Pa zida zimene zikusowa konse kuwiri, piyano imagwira ntchito ya harp mokwanira, pamene lipenga la trumpet la m'gawo loyamba mudzalisowa ndithu kulikonse kumene mungapite.

Sindikunyoza Stein. Gawo lachiwiri, pamene vayolini imachunidwa mokweza kuti ilire mowawa ngati ya woimba wa mumsewu, limamuyenera kwambiri. Kuuma kwa kagulu kake kumachititsa kuti gawolo likhale loopsa kuposa mmene limamvekera ndi okestra. Soprano nayenso amapuma bwino, salimbana ndi wina aliyense, ndipo Mahler ankafuna kuti gawo lomalizalo liimbidwe mosalira zambiri ngati mwana. Ngati cholinga chanu n'kungomvera kunyumba, ya Stein inajambulidwa bwino ndi magulu monga Linos Ensemble ndi Manchester Camerata, amene anali ndi zida zoyenera. Komanso ngati konsati yanu ikukamba za Vienna ya Schoenberg, palibe chifukwa chotengera ina.

Koma amene mumandifunsa ndinu anthu oimba ndi ndalama zosonkha, m'holo zobwereka. Kwa inu woimba horn ndi wa bassoon ndi osavuta kupeza kusiyana ndi harmonium yolongosoka. Ngati mtima wanu wakakamirabe pa Stein, musalipire kalikonse musanapite nokha kwa mwini harmonium ndi kachipangizo koyezera mawu. Gundani A, gundaninso makiyi onse kuti mumve ngati pali osalira, ndipo mufunse ngati chidacho chimakankha mphepo kapena chimaikoka.