Wailesi ya m'galimoto itaona dzinja ndi chisanu cha ku Dedza

Wailesi yomwe ndinaikitsa m'galimoto mvula isanayambe yaona matope a dzinja, yaona chifunga cha June ndi July, ndipo pano ikumwa fumbi. Ndi yotsika mtengo, yopanda polowetsa CD: ili ndi FM, Bluetooth, USB ndi kabowo ka AUX basi. Ndingaigulenso, koma osati pa zifukwa zomwe wogulitsa ankandiuza.

Galimoto yanga ndi Toyota yochokera ku Japan, ngati zambiri zomwe zimayenda pa M1. Wailesi zobwera ndi galimoto zoterezi sizikhala zowonongeka, kungoti zinapangidwira kwawo. Ku Japan FM imayambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, zina zatsopanoko zimafika pa 95, pomwe kuno nyumba zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye umangogwira ziwiri zitatu zomwe zili m'munsimo, zina zonse osazimva. Ambiri amaikitsa band expander, kabokosi kolumikiza pa waya wa eriyo komwe kamatsitsa manambala kuti wailesi iwafikire. Kamagwira ntchito ndithu, koma nambala yomwe ukuona si yeniyeni, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amakwerana. Ine ndinafuna kuti ndikafuna MBC Radio 1 kapena Zodiak ndizipeza pamalo pake.

Chinanso chinali CD changer ya zimbale 6 yomwe mwini wake woyamba anaika pansi pa mpando. Pa tala inkaimba bwino. Kungopatukira msewu wa fumbi wopita kumudzi, nyimbo inkadumphadumpha mpaka ana kumbuyo kumaseka. M'mawa wa chisanu inkakana kuwerenga chimbale mpaka m'galimoto mutafunda, chifukwa chinyezi chimakhala pa kagalasi kowerengera. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye m'mawa woterewu si wachilendo. Changer ija ndinaichotsa, nyimbo zonse n'kuzisamutsira pa fulashi imodzi, ndipo sindinaisowepo.

Nkhani yaikulu inali mawaya. Mnyamata woyamba kuika anadula pulagi ya galimoto, n'kupotokola mawaya ndi manja, n'kukulunga selotepi. Tsiku limenelo zonse zinkalira bwino. Koma ndikazimitsa galimoto, masiteshoni onse omwe ndasunga ankafufutika, wotchi n'kubwerera pa ziro. Nditabwererako anangoti, “Madala, wailesi zotchipa ndi mmene zimachitira.” Sizoona. Waya wachikasu umafuna moto wa 12V wosaduka wochokera ku batire, ndi umene umasunga zonse. Wofiira umalandira moto pokhapokha watembenuza kiyi. Wakuda ndi wa ku chitsulo cha galimoto. Iye anamanga wachikasu ndi wofiira pamodzi ku kiyi. Akanawamangira ku batire bwenzi wailesi isakuzima ndi kiyi, ndipo ukaiwala kuizimitsa m'mawa uli pa ntchito yopempha anthu kukankha galimoto.

Bambo wina wa zamagetsi a galimoto pa boma ndi amene anakonza. Anawotcherera waya uliwonse, n'kuona kuti fyuzi ya 10A ili m'malo mwake, kenako n'kundifunsa kuti, “Achimwene, mukafika cha ku Bembeke imamveka bwanji?” Ndinati imafwafwaza. Anandionetsa waya wabuluu uli lende. Galimoto zina eriyo yake ili ndi kachipangizo kokweza mphamvu komwe kamadya moto kudzera pa waya umenewo. Ataulumikiza, wailesi inasintha ngati munthu wochotsedwa thonje m'khutu. Kuyambira pamenepo ndimamva nkhani bwinobwino kuchokera pa Linthipe mpaka pa Lizulu, ndipo poti msewu umatsata malire, nthawi zina za Chipwitikizi za ku Mozambique zimalowerera. Potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti imadukaduka m'makona, koma kumeneko ndi mapiri, wailesi ilibe mlandu.

Pa katoni analemba 50W x 4, ndipo wogulitsa ankaloza pomwepo. Imeneyo ndi mphamvu ya kamphindi chabe. Yomwe wailesi yotere imatulutsa mosalekeza pa sipika ya 4 ohm ndi cha m'ma 20. Kwa masipika a m'zitseko ndi yokwana. Ukakweza kwambiri mawu amaphwanyika, ndipo wofuna kugwedeza msika wa Tsangano akagule amplifier, chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu.

Zomwe zafooka ndi izi. Polowetsa fulashi pali kutsogolo, popanda kotseka, ndiye fumbi lalowa ndipo payamba kugwedera. Ndikamenya bampu nyimbo imayambiranso. Ndinagula kafulashi kakafupi kosatulukira kunja, zinachepako. Fulashi ya 64GB inakana kuiwerenga mpaka kasungidwe kake ka mafayilo katasinthidwa kukhala ka mtundu wa FAT32. Masana dzuwa likawomba, manambala saoneka. Usiku amawala mopitirira, ndipo kuwala kwabuluuko kumatopetsa maso mu chifunga. Bluetooth pa nyimbo ilibe vuto, imagwira foni ndisanatuluke pa geti. Pa kuyankhula ndiye ayi: kamaikolofoni kali pa wailesi pomwepo, ndipo mayi a kunyumba amati ndimamveka ngati ndili kutali kwambiri, makamaka mawindo akakhala otsegula.

Pa maonekedwe, bowo loikamo wailesi la Toyota zambiri za ku Japan ndi la mamilimita 200 m'lifupi, pomwe DIN, muyezo wa kukula kwa wailesi zogula padera, ndi 180, ndipo DIN imodzi ndi mamilimita 50 kutalika, theka la bowolo. Pamafunika timapulasitiki totseka m'mbali ndi kabokosi kodzaza pansi. Kabokosiko ndimasungamo ndalama za pa toll gate, koma kamalira pa msewu wa mabampu mpaka ndinatsinirapo kachidutswa ka labala.

Wofuna kusintha yake ayambe wafunafuna pulagi yolumikizira yogwirizana ndi galimoto yake, kuti pasadulidwe waya ngakhale umodzi. Ndipo asanalipire woikayo, asunge siteshoni, azimitse galimoto, achotse kiyi, adikire pang'ono, n'kuyatsanso kuti aone ngati ikadalipo.