Dolfini: ufulu ngati munthu, kapena malamulo oiteteza basi?

M'nyanja yathu mulibe dolfini, nyama ya m'madzi yooneka ngati nsomba yaikulu, komabe nkhani yake inatikanganitsa pagombe ku Chembe, asodzi akusoka maukonde.

Ena amati nyamayi ipatsidwe ufulu ngati munthu, ndipo zifukwa zawo si zachibwana. Kafukufuku wa mu 2001 anaonetsa kuti dolfini ikadindidwa chizindikiro pathupi, imapita pagalasi n'kumatembenuka kuti ione podindidwapo. Iliyonse ili ndi mluzu wakewake umene zinzake zimaidziwira, ngati dzina. Si nsombanso ayi: imapuma mpweya ngati ife, imayamwitsa. Mu 2013 dziko la India linaletsa kuzisunga m'maiwe osangalatsira anthu.

Koma nkhaniyi ikafika kukhoti imaterera. Njovu yotchedwa Happy, ya ku New York, nayonso inadzizindikira pagalasi, koma mu 2022 oweruza anakana kuiwerengera ngati munthu. Agogo ena, singano ili m'manja, anandiseka: "Mwanawe, dolfini ikagubuduza bwato idzabwera pabwalo kudzayankha mlandu?"

Enawo amati ingotetezedwa ndi malamulo, za nzeru zisiyidwe. Ine mtima wanga uli uku. Pokhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, palibe anafunsa ngati nsomba za mbuna zimadzidziwa. Zinangotetezedwa m'miyala mwawomo. Vuto lake tonse timalidziwa: lamulo lopanda wolilondera limagona. Nyengo yotseka nyanja ilipo chaka chilichonse, koma chambo chikuchepabe, ndipo neti za udzudzu zikukokolabe tiana ta nsomba m'mphepete momuno.