Makala, gasi kapena magetsi: zomwe ndaona ine wophika nsima pa Kamwendo

Amayi anzanga a kubanki mkhonde akhala akundifunsa kuyambira tsiku lomwe anaona botolo la gasi kuseri kwa lesitilanti yanga: "Amayi, kodi zimenezi zikukupindulirani?" Ndayankha mmodzimmodzi kambirimbiri, ndiye lero ndati ndilembe. Ndimaphika pa Kamwendo pano, m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji boma. M'mawa ndi tiyi, masana nsima ya nyemba, nkhuku kapena usipa.

Ndiyambe ndi makala a m'tchire, poti ndi omwe tonse tinakulira. Moto wake ndi wabwino, sindingakane. Koma chisinthire lamulo la zankhalango mu 2020, kuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chiphaso ndi mlandu waukulu, wa chindapusa chokwera ngakhale ndende, ndipo katundu amalandidwa. Ambiri timaganiza kuti lamuloli ndi la anyamata a njinga okha. Ayi ndithu, likutifika ife ogula. Mnyamata yemwe ankandibweretsera ndinampatsiratu ndalama ya matumba atatu, chifukwa anati kumene amapikula akufuna ndalama kaye. Anabwera chimanjamanja, akuti amulanda panjira, njinga yomwe. Ndalama yanga sindinaionenso, ndipo tsiku limenelo ndinakagula makala a m'timapepala pamsika kuti makasitomala asabwerere. Kuonjezera apo, anyamatawa masiku ano amayenda usiku mozemba, ndiye mtengo wa mantha awo amauika m'thumba momwemo. Pamwamba makala akuluakulu, pansi fumbi ndi zikuni zosapsa.

Anthu a zankhalango sindiwada. Amene anaona phiri la Mchinji kale ndi mmene likuonekera lero akudziwa chifukwa chake lamulo linakhwima.

Magetsi sindichedwapo. Ndi aukhondo, koma akazima 11 koloko madzi a nsima ali pamoto, palibe yemwe angakumvereni chisoni. Mu 2022, namondwe Ana ataononga siteshoni ya Kapichira, tinkakhala tsiku lonse opanda magetsi, ndipo kuyambira pamenepo hotipuleti yanga ndi yowiritsira madzi basi. Komanso sefuliya yaikulu ya nsima sikhala bwino pa hotipuleti ukamavundula.

Tsopano gasi. Boma linachotsa msonkho wa VAT pa gasi wophikira ndi mabotolo ake mu bajeti ya 2019, ndipo mtengo wake amalengeza ndi a MERA, bungwe la boma loona za mafuta ndi magetsi, monga achitira ndi petulo. Zimenezi ndimazikonda, chifukwa wogulitsa sangangodzuka n'kutchula mtengo wa m'mutu mwake ngati wa makala. Vuto ndi lakuti gasi amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, iye amakwera. Tinazionera mu November 2023 pomwe ndalama yathu inatsika ndi 44 peresenti.

Koma chomwe chinandipweteka ine si mtengo wa gasi. Ndi botolo. Posafuna kuononga ndalama zambiri, ndinagula botolo logwiritsidwapo kale ntchito la makilogalamu 9 kwa bambo wina yemwe amabweretsa katundu kuchokera ku Chipata. Linali lopakidwa penti yatsopano, lowala bwino, ndipo anandilumbirira kuti paliponse andithirira. Gasi yemwe analimo anatha patangopita masiku ochepa, kusonyeza kuti silinali lodzadza monga ananenera. Ndinakwera nalo minibasi mpaka ku Lilongwe, kulipira mpando wanga ndi malo a botolo. Malo oyamba anandiuza kuti iwo amangosinthitsa mabotolo a kampani yawo. Malo achiwiri mnyamata analitembenuza, nakanda pansi pake ndi kiyi, dzimbiri lokhalokha pansi pa penti ija. Anati, "Mayi, ili sitingathire, mungakapse nalo." Ndinaima pamenepo misozi ili m'maso, ndalama ya gasi ili m'manja, kulesitilanti ndasiya mtsikana yekha.

Ndinayenera kugula botolo lina latsopano, ndipo pomwepo ndinauzidwanso kuti kachitsulo kochepetsa mphamvu ya gasi, kaja amati regyuleta, sikakugwirizana ndi botolo latsopanolo. Kugulanso, pamodzi ndi paipi yake. Ndikawerengera zonse, ndinalipira kawiri chinthu chimodzi, kuphatikizapo thiransipoti ndi malonda a tsiku lonse. Bambo uja ndikamuona amayang'ana kumbali. Choncho amayi anzanga, musanagule botolo yambani mwafunsa kumene muzikathirira, kenako mugule botolo lomwe iwowo amalandira, ndipo atayeza pa sikelo inu mukuona. Zogula m'manja mwa munthu, ngakhale wa kutchalitchi kwanu, zikaneni.

Ndi botolo labwinoli, tiyi, mazira, ndiwo zamasamba ndi kukazinga nyama zonse ndi pa gasi. Oyendetsa malole akaima m'mamawa sadikira kuti ndikupize moto. Mapoto sakuda, ndipo mtsikana wanga wasiya kudandaula mutu. Nyemba zokha musayese. Maola atatu pa gasi ndi kuotcha phindu lonse la tsikulo.

Nyembazo ndi nsima ndimaphikira makala opangidwa ndi makoko a mtedza. Kuno ku Mchinji mtedza ndi wathu, makoko amangotayidwa kapena kuotchedwa m'minda, ndiye sindiona chifukwa choti tizilimbana ndi mitengo. Amavuta kuyatsa, phulusa ndi lambiri, ndipo akanyowa amafumbutuka, koma akagwira moto amakhalitsa, nyemba zimapsa osaonjezera. Chodandaulitsa n'chakuti sapezeka nthawi zonse, ndiye ndikawapeza ndimagula ambiri n'kusunga pouma. Alipo makala ena aziphaso, monga a Kawandama Hills ochokera ku Viphya, opangidwa ndi mitengo yodzala. Amayaka bwino ndipo unganyamule masana dzuwa likuswa mtengo popanda mantha, koma ine ndimawaona ku Lilongwe, kuno sindinawapezepo.

  

Mukandifunsa kuti ndisankhe chimodzi, ndisankha gasi, ngakhale anandiliza tsiku loyamba. Koma lesitilanti ya nsima siyingayende ndi gasi yekha, pafunika mbaula pambali. Makala a m'tchire okha ndinasiyana nawo. Mnyamata wa makala uja anabweranso mwezi watha kudzapempha kuti tiyambirenso, ndinamupatsa tiyi, ndi kumuuza kuti akapeza a makoko a mtedza abwere nawo, ndidzalipira katundu ali pakhomo.